Kuchokera pa zombo za Jumbe kufika pa Lifo: njinga yamoto yoyamba ikhale ya mahosi angati?



Mpunga tamweta, tapuntha, ena agulitsa kale. Chaka chilichonse ikafika nyengo ino nkhani imakhala imodzi pa bawo, pa doko ndi pa chigayo: njinga yamoto. Mnyamata akangogulitsa matumba ake sagonanso tulo, akuwerengera ndalama mumdima. Inunso a m'tauni mafoni sakutha: “Achimwene, ndikufuna ndimugulire mwana wa alongo anga njinga azichitira kabaza, ndigule ya ma cc angati? Ya 125 siyochepa mphamvu?” Ndiye ndati lero ndilembe mofatsa. Koma mundilole ndiyambire patali, chifukwa funso la mphamvu ya chokwera si lachilendo kuno ku Nkhotakota. Makolo athu analimbana nalo ife tisanabadwe.

Kale msewu waukulu wa kuno unali nyanja. Cha m'ma 1840 kunabwera Mswahili wina, Salim bin Abdallah, nadzakhazikika pa Linga pano. Ameneyu ndiye Jumbe woyamba. Chuma chake ndi mphamvu zake zinali m'zombo za matanga zimene zinkawolotsa minyanga ya njovu ndi anthu ogwidwa ukapolo kupita tsidya lija, kumene ankawayendetsa wapansi mpaka ku Kilwa, m'mbali mwa nyanja yamchere. Ndi mbiri yowawa, ndipo ena mwa anthu amene ankamangidwa magoliwo ndi makolo athu enieni. Injini ya zombozo inali mphepo basi. Ikawomba bwino, ulendo. Mwera ukakalipa, aliyense akhale pansi adikire. Mpunga womwe tikugulitsa lerowu unafala kuno m'nthawi ya a Jumbe omwewo, ndiye tinganene kuti ndalama yogulira njinga ya 2025 mbewu yake inabwera pa chombo.

David Livingstone anafika kuno mu 1861 pa boti, nadzabweranso mu 1863 wapansi. Mkuyu umene amati anakhala pansi pake pokambirana za ukapolo udakalipo kufupi ndi mishoni ya Anglican, ndipo ana a sukulu amapita kukauona. Taganizani, munthu wochokera dziko la sitima zapamtunda, koma atafika kwathu kuno anayenda ndi miyendo ngati wina aliyense.

Pamtunda injini inali khosi la munthu. Atsamunda atabwera, katundu yense wa boma, wa amishoni ndi wa masitolo ankayenda pamutu pa amtengatenga, munthu mmodzi mtolo wa makilogalamu pafupifupi 25, ulendo wa masiku. Mzungu mwiniwake ankagona m'machila, amuna awiri kapena anayi atasenza mtengo paphewa, ena akuthamanga pambali kudikira kulandira. Mwina mufunsa kuti bwanji sanabweretse akavalo, poti kwawo ankayenda pa akavalo. Yankho ndi kashembe. Ntchentche ija ya m'nkhalango yathu, imene imapatsa anthu kaodzera, imaphanso akavalo ndi ng'ombe. N'chifukwa chake ambiri a ife takalamba osamuona kavalo ndi maso, komabe lero tikukangana za “mphamvu ya akavalo”.

Mawu akuti hosipawa tanthauzo lake ndi lomwelo, mphamvu ya kavalo. Anawayambitsa ndi James Watt wa ku Scotland, cha m'ma 1780, pofuna kugulitsa mainjini ake oyendera nthunzi. Makasitomala ake anali anthu ozolowera kugwiritsa ntchito akavalo popopa madzi ndi pozunguza mphero, ndiye iye anawerengera ntchito imene kavalo mmodzi amagwira, kuti aziti injini iyi ikulowa m'malo mwa akavalo akutiakuti. Kunali kutsatsa malonda, monga amachitira mavenda pa msika. Hosi imodzi ndi mawati pafupifupi 746. Kuti mumvetse kukula kwake: mwamuna wamphamvu wopalasa njinga tsiku lonse amatulutsa mawati cha m'ma 100. Ndiye kanjinga kamoto ka mahosi 8, kamene anyamata amakanyoza kuti n'kofooka, kali ndi mphamvu ya amuna opalasa pafupifupi 60 atamangidwa pamodzi. Amuna 60! Jumbe akanakaona akanapereka minyanga ingati?

Ife a kunyanja mahosi timawadziwa kuposa a kumtunda, chifukwa cha mainjini a maboti. Msodzi aliyense amadziwa kusiyana kwa Yamaha ya 15, ya 25 ndi ya 40. Ya 15 imakankha boti lathabwa lodzaza amuna, chilimira chonyowa ndi usipa, kuchokera pakati pa nyanja mpaka kudoko. Palibe mwini boti wanzeru amene amapatsa mwana wongoyamba kumene injini ya 40 kuti aphunzirire. Musunge mfundo imeneyi, tidzaifuna kutsogoloku.

Pali chinthu china chimene chimandisangalatsa m'mbiriyi. Cha m'ma 1894 ndi 1895 ndi pamene ufumu wa a Jumbe unatha: Angerezi anachotsa Jumbe womaliza namutumiza ku Zanzibar, boma la atsamunda n'kukhazikika pa malo amene iwo ankawalemba kuti Kota Kota. Chaka chomwecho cha 1894, ku Munich m'dziko la Germany, kampani ya Hildebrand & Wolfmüller inayamba kugulitsa njinga yamoto yoyamba kupangidwa yambiri m'fakitale. Injini yake inali ya ma cc pafupifupi 1,500, kukula ngati ya galimoto yaing'ono ya masiku ano, koma mphamvu yake inali mahosi 2.5 okha, ndipo liwiro lake lonse linali cha m'ma 45 pa ola. Apa ndi pamene muyenera kuona kuti cc ndi hosipawa ndi zinthu ziwiri. Cc ndi kukula kwa mimba ya injini, malo amene petulo ndi mpweya zimalowa kukapsa. Hosipawa ndi ntchito imene mimbayo ikugwira. Tonse timawadziwa anthu a mimba zazikulu amene sangathe kumaliza ndime imodzi.

M'nthawi ya atsamunda njinga yamoto inali ya azungu a boma, a m'maesiteti ndi amishoni. Makolo athu anaipatsa dzina potengera kulira kwake: mthuthuthu. Agogo ena mpaka lero amatchula choncho, ndipo ine dzinali ndimalikonda kuposa lina lililonse. Munthu wakuda chake chinali njinga yakapalasa, ndipo nayonso sinali ya aliyense. Inkabwera ndi amatchona ndi anyamata a ku migodi, ochokera ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku Joni kudzera ku Wenela. Munthu akatsika ali ndi Humber kapena Raleigh, sutukesi ndi wayilesi, mudzi wonse unkadziwa kuti mbeta zatha. Njira imeneyi inatsekeka mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha amuna athu oposa 70 amene ankabwerera kwawo, Kamuzu n'kuletsa Wenela. Inadzatsegukanso patapita zaka zochepa pansi pa dzina la TEBA, n'kudzatheratu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Apa njinga zinali zitayamba kale kupezeka m'masitolo a amwenye ndi kwina, za ku India ndi ku China, Hero, Avon, Phoenix.

Ulendo wautali unali wa Ilala, imene inayamba kuyenda mu 1951, kapena basi imodzi patsiku pa msewu wafumbi, mvula ikagwa n'kugona pa mtsinje. Msewu wa m'mbali mwa nyanja, M5, ndi fakitale ya shuga ya ku Dwangwa, imene inayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndi zimene zinasintha kayendedwe ka kuno.

Amene munakula m'zaka za m'ma 1980 mukukumbukira kuti kumudzi kukamveka njinga yamoto, ana tonse tinkathamangira kumsewu, ndipo tinkadziwiratu kuti ndi mmodzi mwa anthu atatu: alangizi a zaulimi, a zaumoyo, kapena abambo a ku parishi. Njinga zake zinali za ku Japan, Yamaha DT, Yamaha AG, Honda XL, zazitali miyendo, matayala a mano. Zinali za boma kapena za mabungwe, zolembedwa nambala pathanki. Munthu wamba sankalota n'komwe. Tsono funsani kuti njinga zimene zinkafika kwa Mwansambo, kwa Mwadzama, ku Lozi mpaka m'malire mwa nkhalango, dzinja ndi chilimwe, zinali za ma cc angati? Zambiri zinali za 100, 125, zikakula 175 kapena 200. Ulangizi wonse wa dziko lino, katemera, kalembera, zinayenda pa mahosi osapitirira 20.

Ku Japan komweko nkhani inayamba ndi umphawi. Nkhondo yachiwiri itatha, Soichiro Honda ankatola timainjini ta majenereta a asilikali n'kumatimangirira pa njinga zakapalasa. Mu 1958 kampani yake inatulutsa Super Cub, ya ma cc 50 okha, mahosi 4.5, yopanda kilatchi ya pamanja, yoti ndi mayi yemwe atavala siketi akwere. Pofika 2017 anali atapanga zoposa 100 miliyoni, ndipo palibe galimoto kapena njinga yamoto ina padziko imene yapangidwa yambiri chotere. Ina yofunika kuidziwa ndi Honda CG125 ya mu 1975. Akatswiri awo anayendera mayiko osauka a ku Asia, napeza kuti anthu amakweza banja lonse pa njinga imodzi, oyilo sasintha mpaka atada ngati phula, ndipo kwa makaniko amapita njinga ikafa basi. M'malo mowadzudzula, anabwerera kukapanga injini yopirira nkhanza zoterozo, ya mahosi pafupifupi 11. Ndikamawerenga zimenezi ndimaseka, chifukwa anthu amene ankawafotokozawo ndi ife tomwe, ngakhale sanafike kuno.

Nkhani ya njinga ziwirizi ikutikhudza chifukwa mafakitale a ku China anatengera mainjini amenewa. Njinga zambiri zotchipa zimene zadzaza pa boma, pa Dwangwa, pa Benga ndi pa Mkaika, ukazivula zovala, mkati mwake ndi ana kapena zidzukulu za Cub ndi CG. Zija za injini yogona chopingasa ndi mtundu wa Cub. Za injini yoimirira zambiri ndi mtundu wa CG. N'chifukwa chake masipeya ake amalowana, ndipo mnyamata wokonza pansi pa mtengo wa mango amatha kuimasula yonse ndi masipanala anayi.

Koma isanafike njinga yamoto panadutsa kaye kabaza wopalasa. M'zaka za m'ma 1990, ulamuliro wa zipani zambiri utabwera, kwacha itayamba kugwa, ntchito zitasowa, anyamata anaika katsamiro pa kaliyala n'kuyamba kunyamula anthu. Ku Mzuzu anawatcha Sacramento. Ku Uganda ndi ku Kenya zinayamba kale kwambiri pa chipata cha Busia, n'kutchedwa boda boda. Dera lathu la kunyanja, poti ndi lathyathyathya, linawayanja kwambiri. Amayi oyembekezera ambiri anafika pa St Anne's kapena pa chipatala cha boma atakhala pa katsamiro kameneko, wopalasa thukuta lili kamukamu. Anyamata amenewo tisawaiwale.

Njinga zamoto za anthu wamba zachuluka m'zaka za m'ma 2010, makamaka chakumapeto kwake. Zambiri zinalowera ku Mozambique, kudzera m'malire a ku Dedza, Ntcheu, Mangochi ndi Mulanje, zina mwa njira yake, zina zodutsa m'tchire usiku. Mayina ake mukuwadziwa: Lifo, Sanlg, King Lion, Lifan, kenako za ku India monga Bajaj Boxer ndi TVS. M'zaka khumi zokha mthuthuthu unachoka m'manja mwa alangizi n'kufika kwa mwana wa msodzi. Phindu lake sitingalikane. Chambo cha pa Chia chimafika pamsika chisanafewe. Wodwala usiku sadikiranso kuti kuche. Madzi osefukira atadula msewu ku Dwangwa mu February 2024, magalimoto ataima, malo ambiri amene madzi anaphwa njinga ndi zimene zinayamba kudutsa. Koma mtengo wake taulipiranso ndi miyendo ya ana athu. Pitani mukaone m'mawodi a mafupa ku Kamuzu Central, mufunse kuti ambiri agonekedwa chifukwa chiyani.

Tsono tifike pa funso lanu.

Maganizo anga ndi awa: munthu woyamba kumene, wokhala kuno kunyanja, agule ya ma cc 100 mpaka 125, imene mphamvu yake imakhala pakati pa mahosi 7 ndi 11. Imeneyo ndi yokwanira, ndipo mawu akuti yokwanira sindikuwanena momupepesa munthu ayi. Imanyamula woyendetsa ndi pasinjala, kapena woyendetsa ndi thumba la makilogalamu 50 ndi kadengu pamwamba, n'kumayenda 60 kapena 70 pa tala popanda kudandaula. Kuchoka pa boma kupita ku Dwangwa ndi makilomita osakwana 60, ola limodzi ndi pang'ono mwafika. Ikakhala yosamalidwa, lita imodzi imayenda makilomita 40 kapena kuposa, ndiye ulendo wa ku Dwangwa kupita ndi kubwera ndi malita 3. Ndi mmene petulo akusowera ndi kukwerera chigwereni kwacha mu November 2023, pamene inatsitsidwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, nambala imeneyi ndi yofunika kuposa liwiro. Wa kabaza phindu lake lili pa lita, si pa sipidomita.

Ya 150, monga Boxer yaikulu ija ya mahosi pafupifupi 12, ili ndi malo ake. Ngati ntchito yake ndi kukwera mapiri a ku Ntchisi ndi katundu, kapena kudutsa msewu wa m'nkhalango wopita ku Kasungu kawirikawiri, kapena kunyamula matumba awiri tsiku ndi tsiku kuchokera ku sikimu ya Bua, pamenepo 150 imapuma bwino kuposa 125. Sindingamuletse munthu wamkulu thupi, wodekha mutu, kuyambira pa imeneyi. Koma kupitirira mahosi 15 kwa munthu amene sanagwirepo chiwongolero, ayi, ine sindivomereza. Ndi injini ya 40 ija m'manja mwa mwana. Ngakhale ku Britain, kumene misewu ndi yosalala ndipo ambulansi imabwera ukaimba foni, wophunzira saloledwa kupitirira ma cc 125 ndi mahosi pafupifupi 15. Nanga ife a mbuzi pamsewu?

Inu a ku Joni ndikudziwa mumaona zinjinga zija zolira ngati ndege pa N1, za 600 kapena 1,000, za mahosi oposa 100, ndipo zakale zake zimatchipa. Wina amaganiza zomutumizira mng'ono wake kuti mudzi udziwe kuti kunja kuli achimwene. Chonde musatero. Njinga imeneyo giya yoyamba yokha imapitirira liwiro lonse la Lifo. Pansi pake ndi pafupi, pa mchenga wa ku Sani singayende, tayala lake kuno kulibe, ndipo ikafa idzakhala chogonera nkhuku. Onani zimene abale athu operekera zakudya m'misewu ya Johannesburg ndi Cape Town amakwera tsiku lonse: ndi 125 ndi 150 zomwezi.

Chimene anyamata sachimvetsa ndi masamu a liwiro. Pa 40, sekondi iliyonse mwayenda mamita 11. Pa 80, mamita 22. Munthu kuti aone mwana akudumpha msewu, ubongo uuze dzanja ndi phazi, pamapita sekondi imodzi kapena kuposa, ndiye pa 80 mwadutsa kale kutalika kwa nyumba ziwiri musanagwire n'komwe buleki. Ndipo mtunda woimira suwirikiza kawiri ayi, umawirikiza kanayi, chifukwa mphamvu ya chinthu chothamanga imakula motero. Mukagunda pa 80, thupi limalandira nkhonya yoposa ya pa 40 kanayi. Onjezani thumba la mpunga kumbuyo ndi mabuleki a dilamu amene njinga zotchipazi zimakhala nawo. Injini yaikulu siwonjezera buleki, imangokufikitsani msanga pa liwiro limene buleki singakuthandizeni.

Ndiponso misewu yathu mphamvu yambiri siifuna. Mdani wa kuno ndi mchenga m'chilimwe ndi matope a makande m'dzinja. Pa mchenga, njinga yamphamvu ukangoipotokola pang'ono tayala lakumbuyo limakumba dzenje kapena kutaya matako kumbali. Chofunika pamenepo ndi injini yokoka pansipansi, yosafuna kukuwitsidwa kuti inyamuke, ndi dzanja lofatsa. Amakaniko amadziwa kanzeru kena: kuika sipuloketi yakumbuyo ya mano ochulukirapo. Liwiro la pamwamba limatsika pang'ono, koma kukoka kumawonjezeka, ndipo kwa mlimi wonyamula chinangwa kuchokera kumunda kumeneko ndiye kupindula. Ndalama yake ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi kusiyana kwa mtengo wa 125 ndi 150.

Pogula, musayambe ndi kufunsa mahosi. Yambani mwaikwera ili chiimire. Mapazi onse awiri afike pansi, osati zala zokha. Apa ndi pamene njinga zakale za mabungwe zija, ma DT ndi ma AG ogulitsidwa pa okushoni, zimavutira anthu aafupi: ndi zolimba zedi, koma ndi zazitali, ndipo pa mchenga phazi likaphonya pansi mwagwa. DT ilinso ndi vuto lina, injini yake ndi ya mtundu wofuna oyilo wapadera wopsera limodzi ndi petulo, imamwa kwambiri, ndipo masipeya ake enieni ndi odula. Kachiwiri, igonekeni pansi pang'onopang'ono muone ngati mungaidzutse nokha. Njinga za 125 zimalemera makilogalamu 100 ndi kanthu, matumba awiri a chimanga ndi kapamwamba. Ngati simungathe kuidzutsa pabwalo la sitolo, simudzaidzutsa m'dambo muli nokha madzulo. Izi ndikunenanso kwa alongo athu, aphunzitsi ndi anamwino amene ayamba kugula zawo: zija za mtundu wa Cub, zopanda kilatchi ya pamanja, ndi zopepuka ndipo sizizima chisawawa ponyamuka. Palibe chamanyazi pamenepo.

Kachitatu, yendani pa msika wa kwanu muwerenge kuti njinga zambiri ndi za mtundu wanji, ndipo m'mashopu mwapachikidwa masipeya a chiyani. Gulani imeneyo. Njinga yabwino kwambiri imene pisitoni yake mpaka ichokere ku Lilongwe, makilomita 200, imagonja kwa njinga wamba imene tcheni, pulagi ndi kebulo yake zili pa Mkaika. Ndipo nambala yolembedwa pathanki musaikhulupirire kwambiri, ija ndi sitika chabe, aliyense akhoza kumata. Weramani muyang'ane m'munsi mwa silinda, pa chitsulo penipeni, nthawi zambiri pamakhala podindidwa kukula kwake, monga 124 kapena 149.

Kukula kwa injini kumakhudzanso laisensi. Ku Road Traffic, kalasi ya A1 ndi ya njinga zosapitirira ma cc 125, pamene yoposa pamenepo imafuna kalasi ya A. Ndikudziwa kuti ambiri akuseka powerenga izi, poti pa siteji anyamata a laisensi ndi owerengeka. Zifukwa zake n'zomveka: maofesi ali kutali, ndalama zake n'zambiri, ndipo njinga yolowera m'tchire ilibe pepala la MRA loti n'kulembetsera. Koma inu amene mukutumiza ndalama kuchokera m'tauni, muwerengere zonse pamodzi: njinga, kulembetsa, inshuwalansi, laisensi, ndi zipewa ziwiri zenizeni zomanga pachibwano, osati zija za pa kontilakiti. Ngati ndalama ikukwana 150 yopanda zonsezi kapena 125 yokhala ndi zonsezi, tengani 125. Njinga yopanda mapepala imagwira ntchito mozemba, ikaona yunifolomu ikhotere m'chinangwa, ndipo ngozi zina zimachitika pothawa pomwepo. Ikabedwa, ku polisi mukanena kuti yanu ndi iti? Ndipo ikagunda munthu, mlandu wonse wa chipatala kapena maliro umagwera banja, mpunga wa zaka ziwiri n'kupita.

Za ngongole ndinene pang'ono. Ena akutenga ku banki mkhonde, ena kwa akatapila, ena kwa mabwana amene amapereka njinga kuti uzibweza ndalama yakuti tsiku lililonse. Mnyamata wokhala ndi chiwerengero choti akwanitse dzuwa lisanalowe ndi amene amathamanga, ndi amene amakweza anthu atatu, ndi amene amavomera pasinjala wosamudziwa usiku kupita kumalo kwachilendo, kumene ena aphedwa chifukwa cha njinga yomweyo. Ngati mukumugulira mphwanu, musamuikire chiwerengero cholemera m'miyezi yoyamba. Musiyeni aphunzire kaye.

Kuphunzira kwake kusakhale pa M5. Msewu uja ndi wopapatiza, m'mbali mwake munadyeka, milatho ina ndi yodutsa galimoto imodzi, ndipo mathiraki a shuga ndi a mafuta akamadutsa mphepo yake yokha imakankha njinga. Apite pa bwalo la mpira la kusukulu Loweruka, ndi munthu wamkulu wodziwa, osati mnzake wa pa siteji amene naye anaphunzira dzana. Sabata yoyamba ndi kunyamuka ndi kuima basi, mpaka dzanja lamanzere lizolowere kusiya kilatchi pang'onopang'ono. Kenako kuzungulira miyala ngati nambala 8, maso akuyang'ana kumene akupita, osati pa tayala. Kenako buleki: pa tala yakutsogolo ndiyo imaimitsa njinga, ndipo aphunzire kuifinya mosatswanya pamodzi ndi yakumbuyo, koma pa mchenga ndi pa matope yakutsogolo ikagwidwa mwamphamvu imagwetsa pompo. Akatha izi amange thumba la mchenga la makilogalamu 50 pa kaliyala, ayambirenso zonse, chifukwa njinga yolemedwa ndi nyama ina. Thumba likagwa sililira. Pasinjala wamoyo adzabwere patatha mwezi.

Njinga ikakhala yatsopano, makilomita 500 oyamba isathamangitsidwe kapena kusenzetsedwa katundu wolemera, ndipo oyilo woyamba achotsedwe msanga, chifukwa amatuluka ndi tizitsulo ta m'fakitale. Ndi fumbi la kuno, sefa ya mpweya izitsukidwa kawirikawiri, tcheni chizithiridwa oyilo ndi kukungidwa, manati azimangidwa sabata iliyonse poti za ku China zimakonda kumasuka zokha. Petulo wa m'mabotolo a m'mbali mwa msewu, ngati palibe kuchitira mwina, muzimusefa pa kansalu koyera pothira.

Amene mukugula yogwiritsidwapo kale ntchito, pitani m'mawa injini isanalizidwe, muigwire ndi dzanja kuti mutsimikize kuti ndi yozizira, ndipo muilize nokha. Ikamatulutsa utsi wabuluu, ikudya oyilo. Nambala ya pa injini ndi ya pa felemu, pakhosi pa chiwongolero, zifanane ndi za pa pepala, ndipo pamene pakuoneka kuti papalidwa ndi chitsulo, bwererani ndi ndalama zanu. Mgwirizano mukalembere kwa amfumu kapena pamaso pa tcheyamani wa siteji, mboni ziwiri zisayine, wogulitsa asiye nambala ya chitupa chake cha unzika.